Chiguduli m'Chumuni

Nditakwatira ku Sinda, masiku a Chitaganya aja, ndinadzitama kuti ku Walale ndinkamanga nyumba za chumuni. Zoona zake, ndinkangoperekera njerwa. Apongozi anga aakazi atafuna khitchini yotero, ndinavomera msangamsanga.

Pomanga ndinatseka m'chumuni ndi chiguduli kuti matope asagwere pansi, monga ndinkaonera kwa amisiri. Koma amisiri amachichotsa akamaliza. Ine ndinaiwala.

Moto utayatsidwa, utsi unatulukira pakhomo, apongozi pambuyo pake akutsokomola.

"Ndi mphepo yochokera ku Katete iyi," ndinatero, osaphethira n'komwe.

Onse atapita kumunda, ndinakwera padenga, n'kuchikoka ndi ngowe, n'kuchiponya kuseri kwa nkhokwe. Utsi unayamba kukwera bwinobwino.

Madzulo apongozi anauza mkazi wanga, ine ndikumva: "Uwauze amuna ako, mphepo yawo ija ndaichapa, ndaiyanika pampanda."