Masamba Atatu Omalizira

Tikuphunzira uphunzitsi ku Chalimbana m'zaka za m'ma 1950, mabuku a nthano anali ochepa, tinkachita kulandizana. Esnati, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anandipeza ndikulira ndi buku lachikondi, nati, "Osalira iwe, azakwatirana." Zinandiwawa kuti wandiululira mathero, poti bukulo ndinalidikira milungu itatu.

Litabwera lina la wapolisi wofufuza chigawenga, ndinaliwerenga ndisanamupatse, ndipo masamba atatu omalizira ndinawang'amba n'kuwaponya m'chimbudzi.

Lamlungu Esnati anabwera maso ali psuu. "Tisa, niuzeko, anapha ni ndani?"

"Mkazi wamasiye uja," ndinatero, ndikusita diresi.

Anagwira pakamwa. "Mayi wabwino uja?"

Mayiyo analibe mlandu, anapha anali dokotala. Esnati anamutukwana mayiyo temu yonse, ine ndikuvomereza nawo. Mpaka lero sindinamuuze. Manyazi ndili nawo, koma ochepa.