Digiri ya Emelda Wothira Mafuta

Inu amene munagwapo anthu akuona, imvani za Emelda.

Masana ena galimoto yoyera inaima pa pampu yake, pamalo othirira mafuta a kufupi ndi chipata cha m'malire a Zambia ku Mchinji. Galasi litatsika, anaona nkhope ya Sheila, mnzake wa ku sekondale yemwe kale ankakopera masamu kwa iye.

"Emelda! Ndiwe? Si unapita ku yunivesite iwe?"

"Tithire petulo kapena dizilo?" anafunsa Emelda, maso ali pa tayala.

Galimoto itachoka, Emelda anazungulira kuseri kwa ofesi, nakhala pa chigubu, nalira mosatulutsa mawu.

Ku yunivesite anapitadi. Dzina lake linalengezedwa m'tchalitchi ku Ludzi, amayi ake nalulutira. Bambo ake, a Jobson, mlimi wa fodya, anamunyamulira chikwama mpaka pa siteji. Koma mayeso a chaka choyamba anamugwetsa, ndipo anamuchotsa sukulu. Kumudzi palibe anamunyoza pamaso. Anthu ankangosiya kuyankhula iye akafika pa mjigo. Kukhala chete kumeneko kunamuwawa kuposa mwano. Anathawira ku boma, napeza ntchito yothira mafuta, nasiya kupita kwawo.

Atakumana ndi Sheila, analembetsa digiri ya zamalonda yophunzira pa intaneti. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Ankafuna sukulu imene palibe angamuone akulowa, kuti akalepheranso pasakhale womuona akutuluka. Sanauze munthu aliyense.

Ntchito inali yoimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mafuta akasowa, mzere wa magalimoto unkafika kutali, aliyense akukalipira iye ngati ndiye wawabisa. Ankafika kunyumba mapazi atatupa, zovala zikununkha petulo, ndipo akatsegula buku zilembo zinkavina.

Tsiku lina kalasi inagwera pa nthawi yake yopuma. Analowa pa foni atabisala kuseri kuja. Anzake ambiri anali ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi a ku Lilongwe, akuoneka atakhala pa mipando yabwino. Mphunzitsi anatchula dzina lake kuti ayankhe funso. Atangoyamba kuyankhula, dalaivala wa thiraki wa ku Chipata anatulukira pakona akukuwa:

"Iwe sisi, siya foni! Bwera unithilileko dizilo!"

Kalasi yonse inamva, niseka. Kuyambira tsikulo Emelda sanayankhulenso m'kalasi. Chimene sanamve ankachisiya chomwecho, osafunsa.

Mayeso atafika, foni yake inachita zimene mafoni amachita m'malire: inalumphira ku netiweki ya ku Zambia, bandulo yake nisiya kugwira. Pamene inkabwerera, nthawi inali itatha. Akanatha kunamizira foni, koma mumtima ankadziwa kuti ngakhale mafunso amene anawaona sakanawayankha. Analephera maphunziro awiri. Anaika mabuku m'katoni kuti akawataye.

Loweruka lotsatira, a Jobson anafika pa njinga atamangirira mbatata ndi mtedza. Anali atatopa kudikira mwana wosabwera. Atakhala pansi anaona katoni ija pafupi ndi chitseko.

"Mabuku awa ndi a ndani?"

Emelda anafuna kunena kuti ndi a mnzake, koma pakamwa panakana. Anafotokoza zonse atagwada, nkhope ili pansi.

"Ndalepheranso, bambo. Ndakuchititsaninso manyazi."

Bambowo anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwana wanga, nazale yanga ya fodya inapsapo ndi dzuwa mudzi wonse ukuona. Ndinapita kwa anzanga kukapempha mbande. Ndikanachita manyazi, chaka chimenecho mukanadya chiyani? Kulephera kwako sikunandipweteke. Chimene chimandipweteka n'chakuti amayi ako amakuona pa foni basi, iwe uli pompano."

Mawu amenewo sanachotse manyazi. Anangomusonyeza kuti munthu angathe kuyenda nawo.

Lolemba anagogoda pa ofesi ya manijala wake, a Kenny. Anawauza kuti akuphunzira, kuti walephera, ndiponso kuti akupempha tsiku lake lopuma lizigwera pa tsiku la makalasi.

"Bwanji sunanene kale?" anatero a Kenny. "Kambirana ndi anzako musinthane. Koma pa pampu ndisadzaone foni."

Kusinthana kunatanthauza kuuzanso anzake a pantchito. Ena anayamba kumutchula kuti "apulofesa" momuseka. Ankamva kutentha kumaso, koma ankayankha.

M'kalasi anayambanso kuyankhula. Anadzitchula dzina, nanena poyera kuti amathira mafuta ku Mchinji ndipo phunziro lowerengera chuma sakulimva. Mayi wina wa m'kalasimo, a Luwiza, anamulembera uthenga: nawonso linkawavuta. Anayamba kuwerengera limodzi pa foni. Maphunziro ojambulidwa ankawamvera popita ndi pochokera kuntchito. Nthawi ya mayeso ankakwera njinga ya kabaza kupita kutali ndi malire, kumene netiweki sidumpha.

Aphunzitsi akapereka ntchito yofufuza bizinesi, iye ankalemba za pamalo pake pomwepo: chifukwa chake mafuta amatha Lachisanu, momwe angagawire mzere wa njinga zamoto ndi wa magalimoto, zimene madalaivala odutsa malire amafuna akaima. Zinthu zimene kale ankazibisa ndi zimene zinayamba kumupatsa malikisi.

Sizinayende mosalala. Phunziro lina analibwereza. Chaka china amayi ake anadwala, ndipo anaimitsa sukulu kwa teremu kuti aziwadwazika. Anzake amene anayamba nawo anamaliza iye asanamalize. Koma anamaliza.

Lero Emelda ndi amene amayang'anira malo atsopano othirira mafuta amene kampani yake inatsegula m'boma lomwelo. Akalandira wantchito watsopano, amamufunsa kumene sukulu inamuthera, ndipo wofunsidwayo akagwetsa nkhope, iye amayamba kunena za kwake.

Abale anga, manyazi amanama. Amakuuzani kuti mubisale mpaka mudzapambane, pamene thandizo limapeza munthu amene waonekera. Ngati munachotsedwa sukulu, ngati mukugwira ntchito imene mumaopa kuitchula, ngati mwalemba mayeso n'kugwanso, uzani munthu mmodzi. Funsani funso limene mukuopa kuti akusekani nalo. Akaseka, sekani pang'ono nanunso, kenako funsaninso.

Osataya mtima. Dzukani, ngakhale nkhope ikadali yotentha.