Kalongonda wa Amayi

Mvula yoyamba ikagwa, munda wathu wa kumtunda, kufupi ndi Champiti, unkanunkha ngati njerwa yowotcha. Dothi lake linali lofiira, louma gwa, ndipo madzi sankalowa pansi koma ankangolikokolola kupita nalo kudambo. Chaka chimene abambo anamwalira tinakololamo madengu awiri okha a chimanga. Ine ndinali mtsikana wa sitandade folo, wosachedwa kupsa mtima, ndipo mpaka lero sindinasinthe kwenikweni.

Amayi anabwera ndi mbewu ya kalongonda kuchokera kwa achemwali awo ku Bwanje, ataimanga pansonga ya chitenje. Anati nyemba yoyangayi ikaphimba munda kwa chaka chimodzi, nthaka yotopa imapuma n'kubwerera mwakale. Poopa nkhanga ndi mbewa, tinayamba taifesa kuseri kwa khitchini, m'mapepala a shuga odzaza dothi la m'khola. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkathirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo nkhuku iliyonse yoyandikira inkalawa mwala.

Mvula itakhazikika tinasenza mbandezo m'mabeseni kukwera nazo chitunda. Amayi ankakumba mapando, ine n'kumang'amba pepala pang'onopang'ono kuti dothi lisayoyoke kumizu. Msana unkawawa, matope ankalowa mpaka m'zikhadabo. Mphukira zikatalika tinkazilozetsa kumalo kumene kunali kusanaphimbike, n'kuzipanikiza ndi timitengo ta mphanda. Pofika mwezi wa Febuluwale dothi lofiira lija silinkaonekanso. Ndikapisa dzanja pansi pa masamba ndinkamva kuzizira ndi chinyontho, ndipo tsiku lina ndinatulutsa nyongolotsi, yoyamba kuiona m'munda umenewo.

Koma kwathu munda wolemekezeka ndi wa mizere yopalira bwino, wopanda ndi kaudzu komwe. Anthu podutsa ankaseka, amvekere wamasiye uja chaka chino walima tchire.

Anzathu atatha kukolola, kunabwera abambo aakulu, a Yotamu, mkulu wawo wa malemu abambo. Anakhala pampando wa abambo, amayi atagwada pansi chapatali.

"Mlamu, munda uja ndi wa banja lathu," anatero. "Mng'ono wanga sanausiye kuti muziwetamo njoka. Ngati khasu lakukanikani, ife tilima."

"Si tchire lija, alamu. Ndadzala dala kuti nthaka ichire. Chaka chamawa ndiikamo chimanga cha anawa."

"Kuyambira liti anthu kudzala chitedze?"

Ndinalephera kupirira. Ndinakuwa ndili pakhomo kuti si chitedze, sichiyabwa, ndi kalongonda, ndipo tathirira tokha. Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi. Achibale atakumana, onse anagwirizana ndi a Yotamu kuti munda wagonera, uperekedwe kwa wotha kulima. Amayi anali obwera, olowoledwa, ndipo mawu awo sanapite patali.

Loweruka lotsatira a Yotamu anakwera chitunda ndi aganyu atatu onyamula zikwanje. Ndinaima pachulu n'kumaonerera. Ndikukumbukirabe kulira kwa zikwanjezo, fungo la masamba odulidwa, ndi timitengo tanga ta mphanda tikuthyoka pansi pa mapazi awo. Ndinatola chibuma n'kugenda a Yotamu pamsana, chinaphwanyikira pa jekete lawo. Madzulo amayi anandikwapula, kenaka anandikokera kukapepesa. Ndinagwada, koma sindinapepese. Ndinadana ndi a Yotamu, ndinadana ndi achibale onse, ndipo kwa masiku angapo amayi omwe sindinawalankhule chifukwa chogwadira munthu wotilanda. Chaka chotsatira tinadya za ganyu wa m'minda ya mbatata ku Tsangano, pamene chimanga cha a Yotamu pachitunda paja chinkabereka ziwiriziwiri.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti abambo aakulu anali mbuli chabe, munthu wosasiyanitsa chitedze ndi kalongonda, ndipo ndinkati akanangomvetsa sakanatilanda. Lero ndili ndi munda wanga, kalongonda ndimadzala, ndipo ndikudziwa zimene mlimi amachita ndi tchire: amalisonkhanitsa n'kulitentha. A Yotamu sanayatse moto tsiku lija. Anayenda pambuyo pa aganyu awo, n'kumawauza kuti masamba onse awakwirire m'mizere, lisatayike ndi limodzi lomwe.