Zala za Bambo

Ndiyambe n'kuyamika Mulungu amene anasunga moyo wa bambo anga m'chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Galaja yathu ku Edmonton inkanunkha oilo ndi mkuwa. Munali makina akalekale ozokota, aatali kundiposa, odzaza magiya. Bambo anachita kupatsidwa ndi mzungu wokalamba amene ankamugwirira ntchito atathawa kwawo ku Malawi. Akamapukusa chogwirira, kansonga kachitsulo kankayenda pamkuwa n'kumalemba timizere tolukanalukana, tonga ta pa ndalama zapepala, toti achinyengo azilephera kukopera. Bambo ankangozokotera zokongoletsa masatifiketi a ubatizo a kutchalitchi kwathu. Giya ikadumpha dzino limodzi, ntchito ya mlungu wonse inkawonongeka, choncho ankamvetsera makinawo ndi nsonga za zala.

Ine ndinadzitama. Kupaki kumene tinkasewera ndinauza anzanga kuti kwathu kuli makina opanga ndalama.

Loweruka masana kunabwera amuna awiri, wina atanyamula hamala. Anandikankhira kukhoma n'kulamula bambo kuti ayambe kupanga ndalama. Bambo anafotokoza m'Chingelezi chawo chaulemu kuti makinawo amangolemba mizere. Chibakera chinawagwetsera pasimenti. Anawaponda m'nthiti, magazi akutuluka m'mphuno. Wa hamala uja anayamba kuphwanya magiya, mano amkuwa akuthethekera kumapazi kwanga. Bambo anadzuka n'kuphimba makinawo ndi dzanja lamanja. Hamala sinaime. Ndinamva mafupa akuthyoka.

"Tamanda, tseka maso!" anakuwa bambo.

Sindinatseke. Amunawo anathawa mayi atatulukira akukuwa.

Kuchipatala madokotala anapulumutsa zala zitatu zokha. Apolisi atafunsa amene anafalitsa mphekeserayo, bambo anati sakudziwa. Tchuthi chonse ndinkawamangira zingwe za nsapato n'kuwadulira buledi, ndikudikira tsiku limene adzatulukire kuti ndinali ine.

Ndili mwana ndinkati bodza langa labisika. Patapita zaka, pamaliro a bambo, mayi anandiuza kuti mayi a mnzanga wa kupaki anabwera kudzaulula zonse tsiku lotsatira chiwembucho, ndipo bambo anawapempha onse awiri kuti ine ndisamve kuti iwo adziwa. Zaka zonse zimene ndinkawabisira tchimo langa, iwo anali atalikwirira kale.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni wokukhululukirani musanapeze mawu opepesera. Ameni.