Mabawuti Asanu ndi Atatu M'thumba la Jekete

Anthu a kumpingo kwathu ku Cosmo City akamafotokoza mmene mkamwini wanga anathyokera mwendo, amanena kuti ine ndinamuchenjeza katatu konse, koma iye, pokhala wouma mutu, sanamvere. Ena amawonjezera kuti ndinachita kumugwadira pomupempha. Nkhani imeneyi imandikometsa, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuimvetsera osatsutsa, chinthu chachilendo kwa munthu wodziwika kuti salola dzina kapena tsiku lolakwika kudutsa osalikonza, ngakhale pamaliro. Lero ndiikonza. Ndinayankhula kamodzi kokha, sindinagwade, ndipo chimene chikanapulumutsa mwendowo chinali m'thumba mwanga nthawi yonseyo.

Ndiyambe ndi mmene tinkakhalira. Nditapuma pantchito yomanga ndi kukonza makina kufakitale ina kuno ku Joni, mayi a kunyumba kwanga atamwalira, mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake anandipatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. Kwathu ku Ntcheu mkamwini ndiye amadzamanga pabwalo la apongozi ake. Kuno zinatembenuka, pakuti wogona pamalo a mnzake ndinali ine. Mkamwini wanga sanandikumbutse zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Akakumana nane ankavula chipewa, kupereka moni maso ali pansi, n'kupatuka, monga mwambo umafunira. Amene ankakumbukira tsiku ndi tsiku ndinali ine ndemwe.

Mkamwiniyo ankasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu olemera kudera la Fourways, ndipo anali ndi pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Ankalakalaka kuyamba kunyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi, kukafika pakhomo penipeni ngakhale m'dzinja misewu itasanduka phala. Bwana wake wina, atasintha zitsulo za galimoto yake, anamupatsa bampala yakale yachitsulo chochindikala pamodzi ndi winchi, makina aja okhala pabampala amene amakulunga chingwe cha waya ndi mphamvu ya batire pokoka galimoto yotitimira. Anamupatsa zonse kupatula mabawuti omangira.

Ntchito yomanga anaiika pa Loweruka lina. M'mawa wa tsikulo ndinatsegula chitini changa cha zitsulo zotsala kuntchito, ndinasankha mabawuti asanu ndi atatu olembedwa 8.8 pamutu, chizindikiro cha chitsulo cholimba. Ndinawapukuta ndi mafuta, ndinawakulunga m'kampango kopukutira thukuta, n'kuwaika m'thumba la jekete langa la kutchalitchi. Cholinga changa chinali kumupatsa ngati mphatso. Izi ndikuzinena kuti zidziwike kuti sindinatuluke m'chipinda muja ndi mtima woipa.

Nditafika pabwalo ndinapeza ntchito ili mkati. Mkamwini anali chagada kunsi kwa galimoto. Womuthandiza anali mnzake wowotcherera mageti, mwamuna wanthabwala wa ku Chipata, ndipo anansi atatu anakhala pamakireti kuonerera. Ndinatola bawuti limodzi mwa amene ankamangira. Linali lonyezimira bwino, koma pamutu pake panalembedwa 4.6, chitsulo chofewa choyenera mashelefu ndi zitseko. Komanso, poona kuti mabowo ena a bampala sakugwirizana ndi a chasisi, chimango chachitsulo chimene galimoto yonse imakhalapo, anangomanga anayi m'malo moboola ena kuti akwane asanu ndi atatu. Winchi ikamakoka, mphamvu yake yonse imathera pamabawuti amenewo.

Munthu wanzeru akanagwada pambali pa tayala, n'kunong'oneza kuti mwanawe, tenga awa. Ine ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, ndipo ndinayankhula kwa anthu a pamakireti aja. Ndinadziuza kuti ndikutsata mwambo, poti mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Choonadi n'chakuti ndinkafuna omvera. Ndinayamba ndi sukulu ya sekondale imene ndinaphunzirako, ndinadutsa m'zaka zanga za kufakitale, ndinatchula mayina a zitsulo m'Chingerezi, ndipo ndinamaliza ndi kunena kuti ntchito imene ikuchitika pano ndi ya anthu osaphunzira.

Wa ku Chipata uja anandiyang'ana sipanala ili m'manja.

"Ba mudala," anatero, "ise tamanga mageti ya Fourways yonse na mabawuti yamene aya. Palibe geti inagwapo. Manje mufuna tiyambe talemba mayeso?"

"Eish, ahedi afika," anatero mmodzi wa pamakireti. "Bisani masipanala, anyamata, kuli chikwapu."

Onse anaseka, kupatula mkamwini wanga. Kuchokera kunsi kwa galimoto kunamveka mawu ake ofatsa: "Tamva, bambo. Zikomo."

Dzanja langa linali kale m'thumba, litagwira kampango kaja. Nditamva kuseka kuja ndinakasiya, ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu, n'kubwerera kuchipinda kwanga. Uku ndiko kuchenjeza konse kumene anthu amakuwerenga katatu.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, mwana wanga anandibweretsera tiyi. Anakhala pamphasa pafupi ndi khomo, ndipo anazungulira ndi nkhani zina asanafike pa imene anadzera.

"Ababa, bambo a ana akuti dzulo sanamvetsetse bwino za mabawuti zija. Akuti mukandifotokozera ine, ndikawauza."

Mkamwini anachita zimene mkamwini wolemekeza amachita: anatuma mkazi wake. Ndinazidziwa bwino lomwe. Jekete linali pamsomali, pamwamba pa mutu wa mwana wangayo.

"Kuchokera pakhomo pake kufika pano ndi mapazi khumi," ndinayankha. "Ngati akufuna nzeru, njira akuidziwa."

"Ababa, mukudziwa kuti sangabwere kudzakufunsani pamaso. Amakuchitirani manyazi."

"Ndiye akafunse mphunzitsi wake wa mageti uja."

Anandiyang'ana monga ankachitira mayi ake. Kenako anati, "Tiyi wanu akuzizira," n'kutuluka.

Panapita miyezi iwiri. Winchi ija inazula chitsa m'munda wa maluwa ku Fourways, inakokanso kagalimoto ka mnansi kamene kanagwera m'ngalande, ndipo bampala sinagwedezeke. Wa ku Chipata akandiona ankakuwa ali patali kuti, "Ba mudala, ikalipo!" Ine ndinkangokweza chipewa. Apa ndi pamene pali povuta kulemba. Ndinkadziwa kuti chitsulo chofewa sichithyoka tsiku loyamba, chimayamba chatamuka pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pafupi ndi galimotoyo, ndipo kawiri konse ndinawerama n'kuona kuti mpata pakati pa bampala ndi chasisi wayamba kukula. Sindinauze munthu. Sindinafune kuti wina apweteke, Mulungu ndi mboni yanga, koma ndinkafuna kuti bampalayo igwe pamaso pa anthu. Ndinali kudikira.

Tsikulo linafika mu Januwale, mvula itagwa sabata yathunthu. Mpingo wathu unali kumanga kachisi pamalo ena kumalire kwa Cosmo City, ndipo Loweruka limenelo tonse tinapita kukagwira ntchito. Lole yodzaza njerwa inatitimira m'matope pafupi ndi polowera, mpaka matayala a kumbuyo anabisika. Anthu anakankha, anaika matabwa, koma sinasunthe. Ndipo wina anakuwa kuti, "Itanani wa winchi uja!"

Mkamwini anabweretsa pikapu yake akumwetulira. Aka kanali koyamba kuti mpingo wonse umufune. Anaimika galimoto moyang'anana ndi lole, anamangirira kumbuyo kwake kumtengo ndi tcheni kuti isatsetsereke, anakoka chingwe cha waya n'kuchikola kutsogolo kwa loleyo. Nditaona tcheni ija ndinadziwa kuti galimoto sidzatha kugonja, ndipo chogonja chidzakhala mabawuti anayi aja.

Chimene ndinachita anthu amachitamanda mpaka lero. Ndinapita kwa amayi ndi ana amene anaunjikana pafupi ndi chingwe.

"Amayi, futukani. Tengani ana mupite kuseri kwa mulu wa mchenga uko."

"Abambo, tikufuna tione nawo," anatero mayi wina.

"Mukaonera komweko. Fulumirani."

Anandimvera. Ndinayenda uku ndi uku mpaka malo onse anayera. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamuuze kanthu. Mkamwini wangayo anaima pakona ya kutsogolo kwa galimoto yake, chowongolera winchi chili m'manja, ndipo chingwe cha chowongoleracho chinali chachifupi. Asanadine batani anatembenuka n'kundiyang'ana, kanthawi kochepa chabe, chinthu chimene sankachita. Anaona kuti ndachotsa anthu. Ndikhulupirira kuti ndikanangopukusa mutu, akanaleka. Ine ndinayang'ana kumbali, ngati ndikuwerenga njerwa.

Winchi inalira, chingwe chinakungika, lole inagwedezeka pang'ono, ndipo anthu anayamba kuwomba m'manja. Kenako kunamveka kulira ngati kwa mfuti, kawiri motsatizana. Mabawuti a mbali imodzi anaduka, bampala yonse pamodzi ndi winchi inatembenuka ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo, n'kumumenya pansi pa bondo.

Ndinali woyamba kufika pamene anagwa. Mwendo unali utapindika pamalo pamene sipapindika. Sanalire mokweza. Atandiona anayesa kudzuka kuti akhale bwino pamaso pa apongozi ake.

"Pepani, bambo," anatero. "Munanena. Sindinamvere."

"Gona, mwana wanga, usayankhule."

Kumbuyo kwanga mawu anayamba kuyenda pakati pa anthu: madala ananena, madala anachenjeza, akanapanda madala ana akanafa pano. Wa ku Chipata uja, amene anabwera kudzawotcherera mawindo a kachisi, anavula chipewa chake. "Ba mudala, munakamba zoona," anatero, ndipo nthabwala munalibe m'mawu ake.

Ndinavula jekete kuti ndimutsamiritse mutu pamatope paja. Polipinda, kampango kaja kanagwa m'thumba n'kulira pamwala. Mwana wanga wamkazi, amene anali atagwada mbali ina atagwira dzanja la mwamuna wake, anakatola. Anakamasula, ndipo anaona mabawuti asanu ndi atatu opakidwa mafuta. Si wamakina, koma anakulira m'nyumba mwanga, ndipo manambala a pamutu amatha kuwerenga. Anayang'ana jekete, anayang'ana ine. Kenako anakulunga kampangoko bwinobwino, anamanga mfundo, n'kundipatsira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, anthu akupitiriza kunditamanda.