Velo ya Lusungu

Ndinaganiza zochoka ku Lupembe tsiku limene mnzanga Rosi ankakwatiwa. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, mwana wanga Tawonga ali kumsana, chifukwa mpingo unali utandiyimitsa. Bambo wa mwanayo anawolokera ku Tanzania mimba ili ndi miyezi inayi, ndipo sanalembeko ngakhale kalata imodzi. Mwamuna wa Rosi atavundukula velo kumaso kwa mkazi wake, amayi onse analuluta. Mayi wina amene anakhala patsogolo panga anacheuka, nandiyang'ana, kenako n'kutembenuka. Ndinafika kunyumba nditatsimikiza kuti ndipita kumene kulibe wondidziwa.

Njira anandipezera ndi namwino wa kusikelo, mayi wa ku Thyolo. Anaona kadiresi kamene ndinamusokera Tawonga pamanja, anakatembenuza n'kuyang'ana mkati.

"Msoko uwu ndi wako? Achemwali anga ku Limbe amasoka zaukwati, akufuna mtsikana. Koma wa mwana samufuna. Ukakafika, za mwana usakatchule."

Ndinavomera ndi mutu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, Chichewa changa chinali chopotoka, ndipo munthu akandifunsa funso ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi. Kukhala chete kwa ine sinali ntchito.

Tawonga anali ndi chaka ndi miyezi itatu. Amama ankadwaladwala chifuwa, choncho ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Lusungu, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinamuuza kuti ndi chaka chimodzi chokha. Adada anandigulira khadi la chipani, poti popanda khadi anyamata a chipani sakanandilola kukwera chilichonse. Ndinakwera sitima ya panyanja pa Chilumba mpaka Chipoka, kenako ya pamtunda mpaka Limbe. Ulendo wonsewo mawere ankatuluka mkaka. Ndinang'amba mpango wanga pakati n'kuika m'diresi.

Lero ndikamalemba izi ndili pakhonde la adada ku Wovwe, ndipo ndimadzifunsabe ngati ndinapita chifukwa cha ntchito kapena chifukwa cha maso a mayi uja. Ndikuganiza kuti ndi maso.

Mwini shopu ku Limbe, achemwali a namwino uja, anali a Nachisale, mayi wamkulu thupi, woseka kwambiri, mapini ali kukamwa tsiku lonse. Iwo ankasoka madiresi, ine anandiphunzitsa velo ndi kepi, kansalu kaja kofunda m'mapewa a mkwatibwi. Panalibe velo yopachika yodikira wogula. Mkwatibwi aliyense ankabwera, timuyeze mutu, mapewa ndi msinkhu, asankhe lesi wa m'mphepete, kenako ndiyambe. Neti yosokera velo ndi nsalu yopanda ulemu. Ukaikoka pang'ono imapindika, ukaiyandikizira simbi yamakala imafota ngati tsamba. Ndinaphunzira kuisita pansi pa nsalu yonyowa, kusokerera chipeso chogwirira tsitsi, ndi kumanga mikanda umodziumodzi. Velo ya namwali inkakhala ya magawo awiri, lalitali lakumbuyo ndi lalifupi lophimba nkhope. Wobereka kale mpingo sunkamulola kuphimba nkhope. Ameneyo tinkamusokera kepi ndi chipewa basi.

Wogula akamakayika, a Nachisale ankandiitana.

"Iwe Mtumbuka, taima apa." Ankandiveka velo n'kunditembenuza ngati chidole. "Mwaona mmene ikugwera? Ameneyu ndiye namwali weniweni, mwamuna akamupatsa moni amathawira kuseri kwa makina."

Anthu ankaseka, ine ndili mkati mwa neti yoyera, ndikupuma pang'onopang'ono. Milungu yoyamba ndinkaopa kuti mkaka uonekera pa diresi. Kenako unauma, ndipo ndinakondwa kuti wauma. Chimenechi sindinauzepo munthu mpaka lero.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi cha kutali kumene sankandidziwa, ndikabwerako n'kukhala pakhomo kumvetsera ana a eni ake akusewera. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama papositi. Ndinkasokanso timadiresi ta nsalu zotsala, koma Lusungu ankayankha kuti n'tating'ono. M'mutu mwanga mwana uja sankakula.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Karonga ndi mwana wake kudzayezetsa velo. Anamva kalankhulidwe kanga, nandifunsa m'Chitumbuka kuti ndine mwana wa yani. Ndinatchula mudzi wina. Ndinaopa kuti nkhani ya mwana ifika kwa a Nachisale. Sabata lomwelo ndinalembera kwathu kuti: Anthu akafunsa musamanene kuti ndili ndi mwana, ntchito ingandithere. Tawonga muzimuuza kuti ndine anti ake a ku Limbe.

Kalatayo inawapeza akusamuka. Adada anali atapatsidwa puloti ya mpunga kusikimu ya Wovwe, kumene anthu anachokera m'midzi yosiyanasiyana ndipo sankatidziwa. Lusungu atapita ndi mwana kusikelo yatsopano, analemba dzina lake pa khadi ngati mayi. Palibe ananena bodza. Palibenso anakonza. Chaka chimodzi chija chinasanduka zinayi.

Kenako kunabwera envelopu yotupa. Munali kalata ya adada ndi chingwe cha khonje chokhala ndi mfundo zitatu. Lusungu akukwatiwa ndi Filipo, kalaliki wa kusikimu, kwawo ku Dedza. Mfundo yoyamba ndi mutu, yachiwiri mapewa, yachitatu kuchokera pamutu kufika kuchidendene. Ndinatambasula chingwecho patebulo ndipo ndinadabwa kuti mng'ono wanga wandiposa msinkhu.

A Nachisale anandipatsa neti yabwino. "Umusokere yoti Karonga yense ayambe nsanje. Koma milungu iwiri yokha, wamva? Asakakugwire Atumbuka anzako kumeneko."

Sindinasokepo velo ngati imene ija. Ndinkaisoka Lamulungu masana, mikanda mizere itatu, kepi ya lesi yokhala ndi kabatani kamodzi pakhosi. Ndinkaganiza kuti ndi njira yanga yonenera zikomo, popeza pakamwa sindikanatha.

Ndinafika ku Wovwe nthawi yomweta mpunga. Pakhomo panali podzaza ndi mankhusu, mpunga uli pamphasa. Kamtsikana kakatali miyendo kankathamangitsa nkhuku. Kanandiona, kanathamangira kuseri kwa Lusungu n'kugwira chitenje chake.

"Tawonga, perekani moni," anatero Lusungu.

"Moni, anti."

Ndinayankha kuti zikomo. Ndinali nditamupempha ndekha mawu amenewo, ndipo anandipatsa.

Masana ndinatsegula katoni. Amama anagwira neti ndi nsonga za zala, kenako n'kuyang'ana kumbali. Lusungu anavala kepi, anadziyang'ana pagalasi, naseka.

"Iyi yokha ikwana, akulu. Velo bwezerani m'katoni, mukagulitse ku Limbe."

Nkhani yonse anandiuza ndi amama tili awiri kukhitchini. Azakhali a Filipo atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mbeta, anapeza mwana akuti amama kwa Lusungu, anaonanso khadi la kusikelo. Anakauza akulu a mpingo. Akulu anati ukwati udalitsidwa, koma mkwatibwi saphimba nkhope. Filipo anali atamva zoona kwa Lusungu, koma anauzidwa kuti asanene.

"Nanga inu amama osanena bwanji?"

"Si iwe unalemba kalata?"

Sindinadye tsiku limenelo. Ndinkaona mng'ono wanga akulowa m'tchalitchi nkhope ili pamtunda, amayi akucheukirana, chifukwa cha tchimo langa. Ndinamupeza kungalande akuchapa.

"Lusungu, ndikanena kwa akulu a mpingo."

"Yayi, akulu. Zisiyeni."

"Wandisenzera zokwana."

"Ndati zisiyeni. Ine sindinadandaule." Anapitiriza kumenya chovala pamwala.

Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni. Sindinamufunse chifukwa chake. Ndinazolowera kuyeza munthu ndi chingwe ali kutali, ndipo ndinaganiza kuti ndamudziwa.

Loweruka masana akulu a mpingo anakumana ndi mabanja awiri pakhonde la tchalitchi kuti amalize za mwambo. Panali adada, amama, Filipo, azakhali ake, ndi Lusungu, Tawonga atatsamira pamwendo pake. Mkulu wa mpingo anati, "Tsono za velo tinagwirizana kale." Ndinaimirira. M'moyo mwanga ndinali ndisanalankhulepo pagulu.

"Pepani. Mwanayu ndi wanga. Ndinamubereka ine ku Lupembe. Lusungu sanaberekepo. Mukafunse mpingo wa kumeneko, ndi umene unandiyimitsa."

Kenako azakhali a Filipo anawomba m'manja.

"Ambuye! Ndiye bwanji osanena kale, anthu a kuno inu? Mwana wabwinobwino ameneyu tikanamuchititsa manyazi chabe! Avale velo, avale, ifike mpaka pakhomo!"

Mkulu wa mpingo anagwedeza mutu, nati zatheka. Ine mtima unatsika. Ndinakhala pansi ndikumva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Koma azakhali aja anali asanamalize.

"Basi zapepuka. Ife kwathu mwana amatsata mayi ake, n'chifukwa tinati abwere naye ku Dedza. Tsono poti mayi ake ndi awa, atsala ndi mayi ake. Banja latsopano liyambe lopepuka."

Adada anakhosomola. "Ndi zoona. Mwana wopanda malowolo ndi wa pakhomo panga. Ndinalola chifukwa cha mmene zinthu zinaliri. Tsopano mayi ake abwera."

Apa m'pamene ndinamva koyamba kuti Filipo wasamutsidwira kwawo, ndipo anyamuka ukwati ukangotha. Ndinayang'ana Lusungu. Sankalira. Anali ataika dzanja pakhutu la Tawonga, koma mwanayo anali atamva kale, ndipo ankandiyang'ana.

Pobwerera Lusungu ananditsalira m'mbuyo pa mzere wa pakati pa mapuloti.

"Anakutumani ndani?"

"Ndimafuna uvale velo."

"Velo ndi ya ola limodzi, akulu. Ine ndinasankha kale. Ndinati anene zonena zawo, bola ndipite naye. Chikuku chinamugwira muli kuti? Mano anamera muli kuti? Munandipatsa osandifunsa, lero mwandilanda osandifunsa."

"Sindimadziwa."

"Mukanafunsa."

Tinayesa kuwapempha adada. Filipo nayenso anayesa kwa azakhali ake. Koma nkhani inali itanenedwa pamaso pa mpingo, ndipo palibe mkulu amafuna kubweza mawu ake kawiri sabata limodzi.

Velo inamukhala bwino. Ndinamuveka ndekha, ndinalowetsa chipeso m'tsitsi, ndinatsitsa gawo lakumaso. Anthu mpaka lero amati ku Wovwe sikunaonekepo velo ngati imene ija. Filipo ataivundukula amayi analuluta, koma maso a mkwatibwi anali pa benchi yachitatu pamene panakhala Tawonga. Patapita masiku awiri Lusungu ndi Filipo anakwera lole ya mpunga yopita kumwera. Tawonga anaithamangira mpaka pamlatho. Amene anakamunyamula ndi adada, chifukwa ine atandiona ndikubwera anakuwa kwambiri.

Ku Limbe sindinabwerere. Ndinawalembera a Nachisale zoona zonse. Anayankha mizere iwiri, kuti anadziwa kuyambira sabata loyamba chifukwa iwonso anayamwitsapo, ndipo kuti ndine chitsiru koma manja anga adzawasowa.

Ndinkaganiza kuti kwathu kuli dzenje limene ndinasiya, loti ndikabwera ndidzangolowamo. Ndinapeza kulibe dzenje. Anthu anali atasendezana n'kukhala bwino, ndipo pobwera ine wina anayenera kuchoka pamalo pake.

Patha miyezi isanu. Ndimasoka pamanja zovala za anthu a kusikimu, ndipo akwatibwi awiri abwera kale kudzayezetsa. Tawonga amadya chimene ndaphika koma amagona ndi amama. Mwezi watha kunabwera kalata ya Lusungu, yoyamba chichokereni. Za ukwati sanatchule, za ine sanatchule. Analemba kuti mwanayo sadya mitu ya usipa. Akakhala chete kwambiri ndiye kuti mutu ukumupweteka koma sanena. Tsitsi muzimuluka mutamupatsa chogwira m'manja. Amaopa thabwa lowolokera ngalande yaikulu, ndipo musamunyamule, amachita manyazi, muzingoyenda patsogolo pang'onopang'ono.

Ndinaiwerenga mpaka ndinaisunga pamtima. Dzulo popita kumunda tinafika pathabwa paja. Tawonga anaima. Ndinafuna kumunyamula, koma ndinadzigwira. Ndinaponda thabwa, ndinayenda pang'onopang'ono osacheuka. Tili pakati ndinamva diresi yanga ikukokeka kumbuyo. Anaigwira ndi zala ziwiri, ndipo titangofika tsidya anaisiya.