Bambo Ananenepa Pakompyuta

Mwamuna wanga amalima matimati ku Kanakantapa, koma mumtima mwake ndi injiniya. Atagula kompyuta yakale ku Lusaka, anapeza kuti zonse pasikirini zikuoneka zikuluzikulu, zotambasuka m'mbali. Anati vuto ndi dalaiva, kapulogalamu kouza kompyuta mmene ionetsere zithunzi, ndipo analumbira kuti akonza yekha.

Nthawi imeneyo amayi anga ankakhala nafe, bambo atamwalira. Maso awo anali atachita nkhungu, moti zithunzi za bambo za pafoni sankaziona. Koma pakompyuta yodwalayo nkhope ya bambo inkadzaza sikirini yonse. Munthu amene moyo wake wonse anali woonda ngati mpini anaoneka wamasaya.

"Ona, kwamene ali akudya bwino," anatero amayi akuseka. Kuyambira pamenepo, masana alionse ankakokera mpando pafupi n'kukhala nawo.

Injiniya wathu sanagone. Netiweki kwathu imagwira pachulu pokha, ndiye ankakwera pamenepo foni ili m'mwamba. Dalaiva woyamba kompyuta inamukana. Wachiwiri anathera panjira, bandulo itatha. Wachitatu analowa, sikirini n'kuda bii, munthu thukuta kamukamu. Uku matimati akupsera m'munda.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa ine. "Uwauze apongozi asavutike," amayi ankatero. Iye akamva, ankati ndi ulemu chabe, n'kulimbikira kuposa dzulo.

Kenako anatsegula bokosi la kompyutayo, nawerenga dzina lolembedwa pakhadi la zithunzi, n'kuzindikira kuti ankakopera madalaiva a mtundu wina. Woyenera atalowa, anatiitana ngati wapha njovu. Zonse zinali zosalala, zowala, zing'onozing'ono.

Amayi anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Uwauze agwira nchito yabwino," anatero. Kenako anandinong'oneza: "Nanga atate ako ali pati? Siniwaona."

Mwamuna wanga, amene anaima pakhomo monga mwa mwambo, anamva. Amayi atachoka pampando, iye anakulitsa chithunzi cha bambo mpaka chinadzaza sikirini, ine n'kuwaitananso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Aondanso," anatero, n'kutuluka panja. Mawa lake mpando sanaukoke.

Tsiku lotsatira ndinam'peza mwamuna wanga ali pakompyuta m'mawamawa, akuchotsa dalaiva uja anam'kwerera chulu. Sikirini inaphethira, zonse n'kutambasukanso. Munthu amene sanavomerepo kuti chinthu chamulaka, ngakhale pampu ya kudimba, anakhosomola, nayang'ana khoma, n'kuyankhula mokweza kuti amveke mpaka pakhonde.

"Uwauze amai kuti yaonongekanso. Ine nakangiwa."

Ndisanapereke n'komwe uthengawo, ndinamva mpando ukukwekwereka pansi.